Kafukufuku adati n'njolimba, msewu wa ku Tsangano udakana

Usiku wina m'mwezi wa Meyi, chaka cha 2021, amalume anga adandiimbira foni kuchokera kumudzi kwathu ku Tsangano, m'boma la Ntcheu. Atafunsa za moyo ndi za ana, adalowa m'nkhani imene adaimbira. Kalabu yawo ya alimi 23 a mbatata ya kachewere ndi kabichi idali itasonkha ndalama kwa zaka zinayi, ndipo idali itapezanso ngongole yowonjezera. Alimiwo adali atatopa ndi eni magalimoto a hayala amene amabwera tsiku limene afuna ndi kutchula mtengo umene afuna, podziwa kuti mbewu ili kale m'matumba ndipo singadikire. Tsopano kalabu idafuna galimoto yakeyake yonyamulira zokolola kupita nazo ku Lizulu, ku Lilongwe ngakhalenso ku Blantyre.

"Mphwanga," adatero amalume, "sukulu tidakutumiza ija ntchito yake ndi imeneyi. Iwe umawerenga Chingerezi, komanso umakwera magalimoto a bungwe tsiku ndi tsiku. Utisankhire galimoto yoti isadzatichititse manyazi."

Ndidavomera mosanyinyirika, ndipo kunena zoona mumtima ndidadzimva kukula. Ntchito yanga ku bungwe limene ndimagwirako ndi yofalitsa nkhani. Ndimawerenga malipoti akuluakulu ndi kuwasandutsa mawu oti mlimi ndi mlangizi amve. Ku sukulu adandiphunzitsa kukhulupirira manambala koposa mphekesera. Choncho sindidapite kwa makaniko aliyense, sindidafunsenso dalaivala aliyense. Ndidangotsegula kompyuta ndi kuyamba kuwerenga.

Zimene ndidawerenga

Kumaiko kumene anthu ambiri amagula magalimoto atsopano kuli mabungwe amene chaka ndi chaka amafufuza kuti ndi mtundu uti wa galimoto umene umavutitsa eni ake, nanga ndi uti umene suvuta. Ku America kuli kampani ya J.D. Power, imene idayamba m'chaka cha 1968. Kafukufuku wake wina amafunsa anthu amene akhala ndi galimoto yatsopano kwa masiku 90, pamene wina amafunsa eni ake oyamba a magalimoto amene akwanitsa zaka zitatu. Mavuto onse otchulidwa amawawerenga, kenaka amalengeza kuti pa magalimoto 100 aliwonse a mtundu wakutiwakuti papezeka mavuto angati. Mtundu wa nambala yochepa ndiwo umakhala pamwamba.

Ku America komweko kulinso bungwe la Consumer Reports, lomwe lidayamba m'chaka cha 1936. Ilo limafunsa mamembala ake za mavuto amene akumana nawo m'miyezi 12 yapitayo, ndipo vuto la injini kapena la giyabokosi limalemera koposa vuto laling'ono. Ku Britain magazini ya What Car? imafunsanso eni magalimoto. Ku Germany njira yake ndi ina. Lamulo limati galimoto ikayesedwe ikakwanitsa zaka zitatu, ndipo pambuyo pake zaka ziwiri zilizonse. Mabungwe a TÜV amasonkhanitsa zotsatira za mayeso amenewa ndi kuzisindikiza. Bungwe lina la m'dziko lomwelo, la ADAC, limene limathandiza oyendetsa galimoto zikawafera panjira, limawerenga kuti ndi magalimoto ati amene lawathamangira kawirikawiri.

Maina ena amabwerezedwa m'malipoti amenewa. Lexus ndi Toyota akhala pamwamba kapena pafupi ndi pamwamba kwa zaka zambiri, pamene Land Rover kawirikawiri imapezeka chakumunsi. Koma mndandandawo umasinthasintha. M'chaka cha 2022 Kia ndiyo idatsogola pa kafukufuku wa J.D. Power wa magalimoto a zaka zitatu, ndipo kumapeto kwa 2024 Consumer Reports idaika Subaru patsogolo pa Lexus ndi Toyota.

Ine ndidawerenga malipoti amene adalipo pa nthawiyo usiku wambiri, ndikulemba manambala m'kope ngati mwana wokonzekera mayeso. Pamapeto pake ndidasankha pikapu ya dizilo ya mtundu umene udali ndi mbiri yabwino ku Ulaya. Idali ku Britain, idali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mtengo wake udali wotsika poyerekeza ndi mapikapu amene timawaona tsiku ndi tsiku m'misewu yathu. Dzina lake sinditchula, pakuti monga muone, cholakwa sichidali cha dzinalo. Galimotoyo idatsikira padoko la Dar es Salaam, idalowa m'dziko kudzera pa Songwe, ndipo tsiku limene idafika kumudzi amayi adalulutira.

Masiku 26 pansi pa mtengo wa pichesi

Kwa miyezi ingapo zinthu zidayenda bwino, ndipo ndikapita kumudzi ankandipatsa mpando wa ndalema. Koma m'mwezi wa Juni, chaka cha 2022, kachewere ndi kabichi zili pachimake, galimotoyo idayamba kufooka pachitunda. Panali kanyali kachikasu kamene kadayaka kutsogolo kwa chiwongolero, ndipo injini idakana kukoka ngakhale dalaivala aponde mafuta mpaka pansi. Adatsitsa matumba onse panjira, nayikwawitsa yopanda kanthu mpaka pakhomo pa amalume. Pamenepo idaima pansi pa mtengo wa pichesi.

Makaniko wa pamsika, munthu amene wakhala akuukitsa malole ndi zigayo kwa zaka zambiri, adatsegula boneti, nayang'ana, napukusa mutu. Adati matenda ake ali m'kompyuta ya galimotoyo, ndipo iye alibe makina owerengera. Tidaitanitsa makaniko wina wochokera ku Lilongwe, tikulipira ulendo wake wobwera ndi wobwerera. Iyeyo ndiye adatifotokozera gwero la vutolo.

Magalimoto a dizilo opangidwira msika wa ku Ulaya m'zaka zimenezo ali ndi sefa m'paipi ya utsi, imene imagwira mwaye kuti usaipitse mpweya. Sefayo imadziyeretsa yokha potentha mwayewo, koma zimenezi zimatheka pamene galimoto yathamanga mtunda wautali pa liwiro labwino, injini itatentha mokwanira. Imafunanso oyilo wa mtundu wake ndi dizilo woyera kwambiri. Galimoto ya kalabu inkakhalira kukwawa m'magiya aang'ono, itasenza matumba, m'msewu wa maenje. Malo omwetsera mafuta ali kutali, choncho nthawi zambiri inkamwa dizilo wa m'zigubu, amene palibe angalumbire kuti ndi woyera. Sefa idatsekeka, kachipangizo koyeza utsi kadawonongeka, ndipo kompyuta idachepetsa mphamvu ya injini pofuna kuiteteza. Galimotoyo idachita ndendende zimene oipanga adailamula kuchita.

Zipangizo zake tidazifuna ku Biwi ndi ku Malangalanga mu Lilongwe, tidazifuna ku Limbe ndi ku Ndirande, koma osazipeza. Zidayenera kuchokera ku Johannesburg. Mwezi wa Meyi chaka chomwecho ndalama ya kwacha idali itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo ndalama zakunja zinkasowa, kotero mtengo umene tidauzidwa sabata yoyamba sudali umene tidalipira sabata yachitatu. Galimoto idagona masiku 26. Nkhuku zidayamba kuikira mazira pansi pake. Kabichi wina adaolera m'dimba, ndipo kachewere adagulitsidwa motaya kwa mavenda omwe aja kalabu inkafuna kuwathawa. Ngongole yokha ndiyo sidagone, chiwongola dzanja chidapitirira kukwera.

Pa msonkhano wa kalabu adandiitana. Palibe adandinyoza, ndipo mwina kudakakhala bwino akadandinyoza. Msungichuma, mayi wachikulire amene amasunga ndalama za gulu mosataya ndi tambala yomwe, adadikira onse amalize kulankhula, kenaka adandiyang'ana.

"Achimwene, ife sitidziwa kuwerenga Chingerezi. Tatiuzani, pepala lanu lija lidati chiyani za masiku amene galimotoyi idzagone ikadwala?"

Ndidakhala kakasi. Pepala lija silidanene kanthu za zimenezo, ndipo ine sindidaganizepo zofunsa.

Phunziro la m'logibuku

Nditabwerera kuntchito ndidafotokozera nkhaniyi dalaivala wathu wamkulu, bambo amene adayamba kuyendetsa magalimoto a mabungwe ine ndisadayambe sukulu. Ndakhala nawo pampando wakutsogolo maulendo osawerengeka, koma ndidali ndisadawafunsepo maganizo awo pa za galimoto. Adamvetsera mpaka ndidamaliza, kenaka adalowa m'kachipinda ka madalaivala ndi kutuluka ndi malogibuku awiri, mabuku aja amene amalembamo ulendo uliwonse, mafuta ndi zokonzetsa.

"Inu mumakonda manambala, achimwene. Werengani awa."

Buku loyamba lidali la galimoto yakale kwambiri pabungwe pathu. Masamba ake adali odzaza ndi madandaulo: sipuling'i yathyoka, chitseko sichikutsekeka, lamba wa injini waduka, nyali yakumbuyo yazima. Buku lachiwiri lidali la galimoto yatsopano, yokongola, imene alendo ochokera kunja amakonda kukwera. M'menemo mavuto adali atatu okha. Akadabwera a kafukufuku, yakale ija ikadakhala pansi penipeni, yatsopanoyo pamwamba.

Kenaka adandiuza kuti ndiwerenge masiku, kuyambira tsiku limene vuto lidalembedwa kufikira tsiku limene galimoto idayendanso ulendo wina. Yakale ija mavuto ake ambiri adatha tsiku lomwelo, ena pansi pa mtengo m'mphepete mwa msewu, ena pa galaja ya pa boma lililonse limene idafikako. Yatsopano ija, pa mavuto ake atatu, awiri adaigoneka milungu, ikudikira chipangizo ndi munthu wa makina.

"Galimoto iliyonse imadwala," adatero bambowo akutseka mabuku. "Ine ndikamapita ku Nsanje kapena ku Chitipa sindifunsa ngati idwale. Ndimafunsa kuti ikadwala kumeneko ndigona masiku angati."

Funso limodzi, mayankho awiri

Kuyambira tsiku limenelo ndidawerenganso malipoti aja ndi maso ena, ndipo ndidaona zinthu zimene zidali poyera koma ine sindidaziganizire.

Choyamba, amene amafunsidwa si ife. Ndi munthu amene adagula galimoto yatsopano, amayenda pa phula, amamwetsa mafuta pamalo ovomerezeka, ndipo ikavuta amaibweza kwa ogulitsa amene ali m'tauni yake yomweyo, kawirikawiri chitsimikizo cha kampani chikadagwira ntchito. Kwa iye, kukonzetsa ndi nkhani ya tsiku limodzi kapena awiri. N'chifukwa chake funso la mayi msungichuma uja silikhala funso lalikulu kumeneko.

Chachiwiri, liwu lakuti vuto limanyamula zinthu zosiyana. Pa kafukufuku wa J.D. Power wa zaka zaposachedwapa, gawo limene limadandaulitsa anthu koposa ndi la wailesi, sikirini ndi kulumikiza foni ku galimoto. Kwa munthu wa ku Chicago zimenezi ndi zokwiyitsadi. Koma foni yokana kulumikizika ndi injini yokana kukoka zikalowa m'nambala imodzi, nambalayo singamuuze mlimi ngati kabichi wake afike pamsika. Malipoti amene amalekanitsa mavuto aakulu ndi aang'ono, monga a Consumer Reports, kapena amene amachokera pa kuyesa galimoto yeniyeniyo, monga a TÜV, ali pafupi ndi zosowa zathu, komabe nawonso amayesa moyo wa pa phula.

Chachitatu ndi msinkhu. Kafukufuku wotchuka amaona galimoto ya masiku 90 kapena ya zaka zitatu. Ife timailandira itakalamba. Lipoti la bungwe la United Nations loona za chilengedwe, UNEP, la chaka cha 2020, lidapeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018 maiko a ku Ulaya, America ndi Japan adatumiza kunja magalimoto ang'onoang'ono ogwiritsidwa kale ntchito okwana 14 miliyoni, ndipo Africa ndiyo idalandira gawo lalikulu koposa, pafupifupi 40 peresenti. Ku Japan galimoto imayesedwa mokhwima ikakwanitsa zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo kukwera mtengo kwa mayesowo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene eni ake amaigulitsira. Pamene moyo wake wa m'kafukufuku ukutha, m'pamene moyo wake wa ku Ntcheu, ku Katete kapena ku Ulongwe ukuyamba.

Chachinayi chidandidabwitsa koposa zonse. Magalimoto ambiri amene timawadalira kuno sapezeka n'komwe m'kafukufuku wa ku America, chifukwa sagulitsidwa kumeneko. Land Cruiser 70, imene idayamba kupangidwa m'chaka cha 1984 ndipo ndiyo imanyamula odwala ndi katundu wa mabungwe m'madera ovuta kufikako, mulibe. Hilux, imene ina imapangidwira ku Durban m'dziko la South Africa, idasiya kale kugulitsidwa ku America. Sienta, Probox ndi Passo, zimene zasanduka matola m'misewu yathu, sizidagulitsidwepo zatsopano kumeneko. Munthu akaona dzina la Toyota pamwamba pa mndandanda wa ku America, akuwerenga za magalimoto ena, opangidwira anthu ena.

Ndiponso dzina la kampani si galimoto. Kampani imodzi imapanga mitundu yambiri, ndipo mtundu umodzi umatuluka ndi mainjini osiyana malinga ndi dziko limene ukupita. Ngakhale otchuka amaphonya. M'chaka cha 2024 Toyota idaitanitsa magalimoto oposa 100,000 a Tundra ndi Lexus LX ku America chifukwa cha tizidutswa tazitsulo timene tidatsalira m'injini popanga. Pikapu ya kalabu yathu ili ndi abale ake opangidwira misika ya mu Africa, okhala ndi dzina lomwelo koma opanda sefa yovuta ija. Ine ndidagula dzina, osafunsa kuti galimotoyo idapangidwira msewu uti.

Alimi adazidziwa kale

Chimene chimandichititsa manyazi n'chakuti alimi amene adandituma amaidziwa bwino nzeru imeneyi, kungoti amaidziwira ku mbewu. Mbewu ya chimanga ikachita bwino ku Chitedze, kapena ya mbatata ikachita bwino ku Bvumbwe, mlimi wanzeru sathamangira kudzala munda wonse. Amayamba waona m'munda wachitsanzo wa m'dera lake, m'nthaka yonga yake, pa mvula yonga yake. Sanena kuti akatswiri adanama. Amangodziwa kuti munda wa kafukufuku uli ndi feteleza wokwanira ndi anthu opalira pa nthawi yake, pamene munda wake uli ndi mavuto akeake. Ine amene ndimalemba uthenga umenewu m'timabuku ta alangizi ndidalephera kuugwiritsa ntchito pa galimoto.

Akuluakulu amakumbukanso nthawi imene Peugeot 404 ndi 504 komanso Land Rover zidali mafumu a misewu yafumbi. Peugeot 504 idapitirira kupangidwa ku Kenya ndi ku Nigeria mpaka zaka za m'ma 2000, ku France atasiya kale. Magalimoto amenewa adali olimba ndithu, komanso adali ndi china: makaniko aliyense ankawadziwa, ndipo zipangizo zake zinkapezeka paliponse. Zipangizo zitayamba kusowa ndipo amakaniko achinyamata ataphunzira mitundu ina, magalimoto omwewo adasanduka mtolo kwa eni ake. Chitsulo sichidasinthe. Zidasintha ndi zimene zidachizungulira.

Apa m'pamene ndidafika: kudalirika sikukhala m'galimoto mokha. Kumakhala m'galimoto, m'msewu umene ikuyendamo, m'mafuta amene ikumwa, m'manja mwa dalaivala, m'mutu mwa makaniko wapafupi ndi pa shelefu ya wogulitsa zipangizo. Kafukufuku wa kunja amayesa chinthu choyamba chokha, pakuti kwawoko zinazo n'zokonzeka kale. Kuno chilichonse mwa zimenezi chingathe kuigoneka galimoto.

Tisataye mapepala

Wina angamve ngati ndikuti malipoti amenewa ndi opanda ntchito ndipo tizingomvera za pamsika. Ayi. Mphekesera nazonso zimasocheretsa. Makaniko amayamikira galimoto imene amaidziwa kukonza, ngakhale imabwera kwa iye mwezi ndi mwezi. Wogulitsa amayamikira imene ili pabwalo pake. Mtundu wotchuka umakwera mtengo koposa muyeso, umakopa akuba, ndipo zipangizo zake zachinyengo zimachuluka pamsika mofanana ndi zenizeni. Ndaonapo anthu akugula galimoto yotheratu pamtengo wokwera chifukwa cha dzina lokha, akuganiza kuti dzinalo lidzathira oyilo ndi kusintha mabuleki.

Malipoti amathandiza munthu akadziwa chowafunsa. Mtundu umene wakhala pamwamba zaka khumi zotsatizana m'maiko osiyana uli ndi umboni wolemera koposa umene watsogola chaka chimodzi. Malipoti a TÜV amagawa magalimoto potsata msinkhu mpaka opitirira zaka khumi, ndipo amasonyeza pamene galimoto imayambira kutha, kaya ndi mabuleki, nyali, kudontha kwa oyilo kapena zitsulo za kunsi. Malipoti amaululanso matenda obisika amene makaniko wa pamsika sangawaone ndi maso. Chitsanzo ndi matumba a mpweya oteteza anthu pa ngozi a kampani ya Takata, amene ena ankaphulika ndi kumwaza zitsulo. Magalimoto mamiliyoni ambiri a makampani osiyanasiyana adaitanitsidwa kuti akakonzedwe, ndipo kampaniyo idagwa m'chaka cha 2017. Kalata yoitanitsa galimoto imapita kwa mwini wake wa ku Osaka kapena ku Leeds, siifika ku Tsangano. Wogula kuno ayenera kufufuza yekha pogwiritsa ntchito nambala ya chasisi.

Choncho kwa kalabu, kopaletivi, mpingo kapena bungwe laling'ono limene likusonkha ndalama za galimoto, uphungu wanga ndi wa munthu amene adapsa kale. Musanayang'ane zithunzi za pa intaneti, pitani pamsika waukulu wa kwanuko tsiku la msika, muwerenge mitundu ya magalimoto amene afika atasenza katundu kuchokera kumidzi yonga yanu. Funsani eni ake atatu kapena anayi, aliyense payekha, kuti chaka chathachi galimoto idagona masiku angati ndipo inkadikira chiyani. Pitani kwa makaniko amene adzaikonze, osati wa mumzinda koma wapafupi ndi kwanu, mumufunse ngati injini imeneyo adaitsegulapo ndiponso ngati imafuna makina a kompyuta. Lowani m'sitolo ya zipangizo, mufunse mtengo wa pampu ya madzi, mabuleki, sefa ya mafuta ndi masipuling'i, muone ngati akuzitenga pa shelefu kapena akuti mubwere sabata yamawa. Funsani kuti galimotoyo idapangidwira dziko liti. Mukatero m'pamene mutsegule malipoti, kuti akuthandizeni kusankha pakati pa ziwiri kapena zitatu zimene zapambana mayeso a kwanu. Ndipo musathere ndalama zonse pogula. Galimoto yofika pakhomo thumba lili lopanda kanthu imagona pa vuto loyamba.

Kwa anzanga a m'mabungwe ndili ndi pempho lina. M'maofesi mwathu muli malogibuku a zaka zambiri, odzaza fumbi m'makabati. M'menemo muli kafukufuku amene J.D. Power sadzachita: magalimoto a mitundu yosiyana, pa misewu yathu, ndi mafuta athu, ndi masiku enieni amene iliyonse idagona. Timawatsegula pokhapokha owerengera ndalama akabwera kudzafufuza za mafuta. Madalaivala athu, amene amadziwa zonsezi pamtima, sitiwaitana pa msonkhano wogula galimoto, timangowapatsa makiyi ikafika. Mabungwe a m'boma limodzi atati aphatikize mabuku awo ndi kumva madalaivala awo, alimi a m'deralo akadakhala ndi poyambira.

Kope la mlembi

Pikapu ija idakonzedwa, ndipo kalabu idaigulitsa kwa munthu wa mumzinda amene amayenda pa phula pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Tidamuuza mbiri yake yonse, ndipo ndikumva kuti siimuvutitsa. Kalabu idataya ndalama pa kusinthako, ndipo padatenga nyengo ziwiri za kachewere kuti ngongole ithe. M'malo mwake idagula kalole kakale, kosakongola, kamene utoto wake udasuluka. Asadalipire, wapampando adatenga makaniko wa pamsika uja ndi kupita naye kukakaona. Iye adagona pansi pake, adamvetsera injini, adatchula zinthu zinayi zofunika kusintha ndi sitolo imene zikupezeka. Kalole kameneka kamadwala kawirikawiri koposa pikapu ija, koma sikadagonepo kupitirira masiku awiri.

Mlembi wa kalabu tsopano ali ndi kope la galimoto. Tsamba lililonse lili ndi mizere isanu: tsiku, vuto, amene wakonza, ndalama, ndi masiku ogona. Mzere womalizawo adauwonjezera ndi mayi msungichuma. Makalabu awiri oyandikana nawo abwera kale kudzaliona kopelo asadagule zawo.

Chaka chatha amalume adandiimbiranso. Kalabu ikuganiza zogula pampu yothirira yoyendera dzuwa, ndipo adafuna kuti ndiwathandize kusankha. Ndidadabwa kuti akundikhulupirirabe, ndipo ndidawauza choncho.

"Wagwapo kamodzi, mphwanga, ndiye kuti dzenje ukulidziwa," adatero. "Werenga mapepala akowo, ife sitingathe. Koma ubwere Loweruka."

Ndidawerenga ndithu, ndipo manambala ndidalemba m'kope monga kale. Loweruka m'mawa ndidakwera basi mpaka pa mphambano ya ku Tsangano, kumene amalume ndi msungichuma ankandidikira. Tisadapite ku sitolo iliyonse, tidayenda wapansi kukaona alimi atatu a m'madimba a kutsidya amene ali ndi mapampu otere, kuti tikawafunse kuti pampu ikafa amaitana yani, ndipo mbewu zimakhala masiku angati osathiriridwa.